Tsiku Limene Kompyuta Inayankha Msanga

Lole yodzaza matayala atsopano inatuluka pageti la nyumba yosungiramo katundu Lachisanu masana, anthu onse akuona. Palibe anathyola loko, palibe anadumpha mpanda. Chitsulo chotchinga njira chinadzuka monga chimachitira masiku onse, dalaivala anakweza dzanja kutsanzika, loleyo n'kukhota kumanzere. Pofika Lolemba inali isanaonekenso.

Sajeni wofufuza milandu anaimva nkhaniyi ali chiimire mu ofesi ya Manejala wa kampaniyo. Anali mayi wamtali, wosakonda mipando ya eni ake, ndipo fungo la labala limene linadzaza malo onsewo linali litayamba kale kumupweteketsa mutu.

"Nkhani yake ndi yachidule, Sajeni," anatero Manejala uku akusuntha mafoni ake awiri patebulo. "Lole ikafuna kutuluka, dalaivala amapereka pepala pazenera la kanyumba ka pageti. Papepalapo pamakhala nambala. Mayi wa pageti amailemba pa kompyuta, kompyuta imafunsa ku likulu la kampani, likulu likavomera chitsulo chimadzuka. Nambala ya lole ija ku likulu sakuidziwa. Sanaiperekepo, ndipo akunenetsa kuti palibe anawafunsa za iyo."

"Ndiye chitsulo chinadzuka bwanji?"

"Pansi pa tebulo la mayiyo pali batani lotsegulira pamanja magetsi akavuta. Pamenepa sipofunika digiri."

"Munamuona akulidina?"

"Ine sindigwira ntchito pageti."

"Nanga kamera?"

"Ikuonetsa lole ikutuluka. Manambala ake ndi a galimoto imene inagulitsidwa kalekale kwa odula zitsulo. Kanyumba ka pageti kamaoneka denga lokha, kaya ndi mphepo inaikhotetsa kamerayo." Manejala anayang'ana foni imodzi n'kuitembenuza chafufumimba. "Mayiyo ndinakamutula ndekha kupolisi kwanu Loweruka. Ntchito yanu ndakuchepetserani."

Sajeni anapeza Kapitawo wa opakira katundu mkati mwa nyumbayo, pakati pa milu ya matayala yofika kudenga. Anali bambo wonenepa, wa nkhope yosekaseka, pensulo ili kukhutu. Kumbuyo kwake kunaima amuna opakira katundu, magolovesi ali m'manja.

"Kupakiza ndinapakiza ndine, bwana wanga, sindikana," anatero asanafunsidwe n'komwe. "Pepala linali ndi chidindo, chidindo chake chomwechi timachiona tsiku ndi tsiku. Ine ntchito yanga ndi maso ndi msana. Zoti nambala ndi yeniyeni kapena yopeka, imeneyo ndi nkhani ya kompyuta, ndipo kompyuta kwa ine ndi mdima wa ndiweyani. Foni yomweyi mauthenga amandiwerengera ndi mayi a kunyumba, n'chifukwa chake ndine munthu wokhulupirika."

Opakira katundu anaseka. Sajeni sanaseke.

"Dalaivala munamudziwa?"

"Chipewa ndi magalasi akuda. Ndikamuona mawa mumsika nditha kumugulira nthochi osadziwa kuti ndi iye."

"Mayi wa pageti amachokapo pampando wake nthawi ya ntchito?"

"Achemwali aja? Ngakhale kuchimbudzi sapita. Timawaseka kuti anawawotcherera pampando. Ndi munthu wabwino kwambiri, bwana wanga. Ine sindikugona nayo nkhani imeneyi."

Sajeni anawaitana opakira katundu mmodzimmodzi kuseri kwa milu ya matayala. Aliyense ananena zomwezo: mayiyo sachokapo pageti, kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Ngakhale zowotcherera pampando zija anazibwereza. Sajeni analemba, iwo anasayina, koma potuluka mtima wake sunakhazikike. Mboni zoona sizifanana chonchi. Wina amaiwala, wina amawonjezera, wina amatsutsa mnzake. Awa ankamveka ngati kwaya yokonzekera bwino.

Kupolisi, mayi wa pageti anamubweretsa m'chipinda chofunsiramo anthu ali wopanda nsapato. Anakhala kumapeto kwenikweni kwa benchi, manja atapingasa pachifuwa. Sajeni anaona kuti bulauzi yake yanyowa mbali zonse ziwiri, ndipo anazindikira msanga chifukwa chake.

"Mwana ali ndi ndani?"

"Ndi mng'ono wanga, bwana. Botolo akukana. Dzulo anabwera naye, a pakauntala anandilola kumuyamwitsa pang'ono chabe."

"Bambo ake?"

"Anapita kukagula mayunitsi ndili ndi pakati. Sanabwerebe."

Sajeni anatulutsa mpango m'thumba lake n'kumupatsa. "Ndiuzeni za Lachisanu."

"Batani lija sindinaligwire. Kaoneni, lili ndi fumbi lake. Ndinalemba nambala, sikirini inasanduka yobiriwira, chitsulo chinadzuka. Ikanafiira ndikanamubweza. Ndabwezapo anthu ambiri, ena mpaka kunditukwanira makolo."

"Panalibe chachilendo tsiku limenelo?"

Mayiyo anaganiza. "Chachilendo ayi, koma chabwino chinalipo. Masiku onse ukalemba nambala, pamazungulira kanthu kaja pa sikirini. Kamazungulira, kuzungulira, mpaka umamufunsa dalaivala za kwawo, iye n'kukuuza za matenda a apongozi ake onse, ndiye yankho kubwera. Koma Lachisanu ndikangodina, pompo. Ndinati mwina akonza intaneti."

"Pa lole imeneyo yokha?"

"Ayi, pa malole onse. Kuyambira titamwa tiyi m'mawa mpaka chakumadzulo. Kenako inabwerera ku ulesi wake."

"Inu munachokapo pampando?"

"Ayi."

Yankho limenelo linatuluka msanga, maso ali kukhoma. Sajeni anamupatsa mayiyo pepala ndi cholembera. Anasayina.

Insipekita, bwana wake wa Sajeni, anali munthu wokonda mafayilo otsekedwa. Anamvetsera uku akusenda lalanje.

"Mawa m'mawa akaonekera kukhoti," anatero. "Umboni wake ndi wamadzimadzi, batani lopanda mboni. Belo sitikana. Apita kwa mwana wake, mlandu uzikwawa monga imakwawira ina yonse."

"Ndipatseni lero, bwana. Ndikuona ngati sanalakwe n'komwe. Ndikufuna atuluke woyera, osati pa belo."

"Lero ndi lanu. Galimoto ilibe mafuta."

Sajeni anakwera minibasi.

Amene analemba pulogalamu ya pageti sanali wantchito wa kampaniyo. Anali ndi kachipinda kake pamwamba pa sitolo ya nsapato, ndipo kukampani ankangomutchula kuti Injiniya. Anali bambo wa imvi zamsanga, wolankhula pang'onopang'ono ngati amayamba wawayeza mawu asanawatulutse.

"Mundifotokozere ngati mukufotokozera azakhali anu," anatero Sajeni. "Ine kompyuta ndimaidziwa polemba malipoti basi."

"Chabwino. Kompyuta ya pageti payokha siidziwa kanthu. Ili ngati mlonda watsopano amene sanazolowere nkhope ya aliyense. Ikalandira nambala imaitumiza pa intaneti ku kompyuta yaikulu ya ku likulu, imene timaitcha seva, n'kudikira. Seva ikafufuza m'zosunga zake imabweza yankho."

"La inde kapena ayi."

"Ndi lalitaliko kuposa pamenepo. Taonani." Anatembenuza sikirini. Panali mizere ya mawu, uliwonse dzina lake kumanzere, zimene ukunena kumanja, yonse itakutidwa m'timabulaketi topindika. "Ili ndi yankho la sabata yatha. Mzere uwu ndi nambala imene tinafunsa. Uwu ndi mwini lole, uwu mtundu wa katundu. Uwu ndi chilolezo. Wapansiwu ndi uthenga wapadera, ngati ulipo. Pulogalamu yanga imamasula phukusi lonseli n'kufunafuna mzere wa chilolezo. Ukati inde, imadzutsa chitsulo."

"Nanga mizere inayo?"

"Imaisunga, koma siiwerenga. Funso la pageti ndi limodzi: atuluke kapena asatuluke."

"A Manejala akuti likulu silinafunsidwe za nambala ija."

"Anandiuza pafoni. N'chifukwa chake nanenso ndinangoti ndi batani, sindinayang'anenso."

"Mayi uja akuti tsiku limenelo kompyuta inkayankha msanga. Akangodina, pompo."

Injiniya anali atanyamula kapu. Anaibwezera patebulo osamwa.

"Seva ya ku likulu ndi nkhalamba," anatero. "Chiikidwireni sinayankhepo msanga."

Anakoka kiyibodi. Kwa kanthawi m'chipindamo munkangomveka zala zake ndi wailesi ya m'sitolo ya pansi. Anafotokoza mosayang'ana kumbali kuti akulowa m'kompyuta ya pageti ali pomwepo, kuti aone mayankho onse amene inasunga Lachisanu. Mizere inkathamanga pa sikirini. Kenako inaima. Injiniya anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya, anawavalanso.

"Seva zilipo ziwiri," anatero ndi mawu otsika. "Yachiwiri ndi yophunzirira. Ndinaikonza nthawi imene ndinkaphunzitsa antchito, kuti tisamavutitse likulu ndi manambala opeka. Imeneyo siifufuza chilichonse. Mungaitumizire nambala ya foni yanu, kapena saizi ya nsapato, ivomera. N'chifukwa chake siichedwa. Ndipo yankho lake limabwera m'phukusi lofanana ndi la likulu, mizere yomweyo, mayina omwewo. Pulogalamu siona kusiyana."

"Ndiye Lachisanu…"

"Kompyuta ya pageti inkafunsa ku seva yophunzirira. Malole oona anatuluka, yabodza inatuluka nawo. Ili ndi yankho la lole yanu ija." Analoza ndi cholembera. "Chilolezo: inde. Tsopano onani mzere wapansiwu. Ndikumasulirani. Ukuti, ili ndi yankho loyeserera, musatulutse katundu."

Sajeni anawerama pafupi ndi sikirini, ngakhale kuti mawuwo sankawamva onse.

"Ndiye kuti kompyuta inauzidwa."

"Inauzidwa, pa lole iliyonse. Mawu amenewo ndinalemba ndine. Koma ndi ine ndemwe amene sindinaiphunzitse kuwerenga mzere umenewo."

"Munthu amaisintha bwanji kuti izifunsa kwina?"

"Pali pobisika pamene umasankha adiresi, ya ntchito kapena yophunzirira. Kudina kawiri katatu, basi."

"Akudziwa ndani?"

"Amene ndinawaphunzitsa. A Manejala anabwera tsiku loyamba lokha, n'kumangoyankha mafoni. Mayi wa pageti. Ndi a Kapitawo, kuti azigwirizira wina akadwala."

"A Kapitawo akuti kompyuta kwa iwo ndi mdima."

Injiniya anakweza nsidze. "Ndi amene anali ndi mafunso ambiri kuposa onse. Mafunso abwino. Anandifunsa ngakhale zimene zimachitika intaneti ikaduka yankho lisanafike."

Sajeni anamva ngati wina wamutula katundu wa pamutu. Batani silinagwidwe. Mayi uja ananena zoona. "Ndisindikizireni zonsezi," anatero, "ndipo musayine."

Makina osindikizira anayamba kulira pakona. Injiniya ankatola mapepala limodzilimodzi, kuliwerenga, kulisayina. Atafika pa lomaliza anakhala nalo m'manja osalisayina.

"Sajeni, pali chinanso. Pulogalamu imalemba nthawi imene adiresi yasinthidwa. Inasinthidwa pa kompyuta ya pageti pomwepo, nthawi ya tiyi wam'mawa, n'kubwezedwa chakumadzulo. Kawiri konseko, dzina limene linali litalowa m'kompyutamo ndi la mayi yemweyo."

M'sitolo ya pansi wina ankakangana ndi wogulitsa za nsapato yothina.

"Imadziwa kuti chala chinali cha ndani?"

"Imaona dzina lolowera basi. Za zala ilibe maso."

"Tsamba limenelo lingatsale?" Sajeni anachita manyazi ndi funso lake lomwe.

Injiniya anapukusa mutu. "Ndi nkhani imodzi. Mukangonena kuti adiresi inasinthidwa, aliyense afunsa kuti ndi ndani. Akadzandiitana kukhoti ndidzanena zomwezi. Pepani." Anasayina.

Dzuwa linali litapendeka pamene Sajeni anamuitanitsanso mayi wa pageti. Sanamuonetse mapepala. Anakhala naye pabenchi limodzi.

"Batani simunaligwire, ndatsimikiza. Koma Lachisanu wina anakhala pa kompyuta yanu n'kuisokoneza, nthawi ya tiyi, kenakonso chakumadzulo. Ngati simunachokepo pampando, munthuyo ndinu. Munali kuti?"

Mayiyo anayang'ana mapazi ake.

"Kuseri kwa mpanda," anatero. "Pali mtengo, pansi pake pali tayala lakale. Mng'ono wanga amabwera naye mwana pamenepo, m'mawa ndi chakumadzulo. Tchuthi changa cha uchembere chitatha ndinakawapempha a Manejala kuti andilole kumakamuyamwitsa. Anati geti silikhala lopanda munthu, amene sangakwanitse asiye ntchito. Mwana ankangolira tsiku lonse, kuonda. Ndiye a Kapitawo anati, pitani achemwali, ndizikukhalirani, palibe amene adziwe."

"Pochoka mumatulukamo m'kompyuta?"

"Kulowanso kumachedwa. Malole amapanga mzere mpaka kumsewu, a Manejala n'kutuluka kudzaona chavuta. Ndimangoisiya momwemo."

"Bwanji simunandiuze m'mawa?"

"Onse akanachotsedwa ntchito chifukwa cha ine. Munthu akakuchitira zabwino sumu…" Mawuwo anathera m'kamwa. Anatembenuka kumuyang'ana Sajeni, nkhope ikusintha pang'onopang'ono. "Ndi amene anandigulira beseni losambitsiramo mwana."

Sajeni anatulutsa pepala ndi cholembera.

"Ndiye mukawauze choncho, bwana. Lembaninso, ndisayina."

"Ndilemba. Koma zoyamba zija sizifufutika."

Sajeni anabwerera ku nyumba ya matayala anthu ali pafupi kuweruka. Kapitawo anamulandira ngati mlendo wa paukwati.

"Ine kukhala pageti? Bwana wanga, tandiyang'anani. Mpando uja sundikwana." Anaseka, kenako anagwetsa nkhope. "Achemwali asokonezeka, ndipo sindikuwada. M'selo si mogona munthu woyamwitsa. Akhoza kutchula ngakhale dzina lanu."

"Injiniya akuti pa maphunziro munali ndi mafunso ambiri kuposa onse."

"Eya, chifukwa sindinkamva. Wakumva safunsa."

"Lachisanu nthawi ya tiyi munali kuti?"

"Pa tiyi. Ine tiyi sandiphonya, umboni ndi uwu." Anadzisisita pamimba. "Anyamata, Lachisanu tinamwera kuti tiyi?"

"Pomwe pano," anayankha opakira katundu, aliyense akuyang'ana nsapato zake.

Sajeni anadikira panja pa geti mpaka opakira katundu atatuluka. Anatsatira mmodzi, wamkulu pa onse, bambo wowerama msana amene m'mawa uja anazengereza posayina. Anamupeza pa siteji ya minibasi, n'kuima pambali pake ngati nayenso akudikira.

"Achimwene, kamera ija inakhota ndi mphepo?"

Bamboyo anayang'ana kumanzere ndi kumanja. "Ndi mtengo wa tsache," anatero chapansipansi. "Ndinaikankha ndine, kalekale, mayiyo atangobwerako kutchuthi. A Kapitawo anati tiikhotetse pang'ono kuti a Manejala asamamuone akutuluka."

"Nanga zoti sachokapo pampando?"

"Loweruka anatisonkhanitsa. Anati apolisi akabwera, aliyense anene kuti sachokapo, apo ayi achotsedwa ntchito ali ndi khanda m'manja. Tinkati tikumuthandiza, mayi. Tonse timamukonda."

"Mwamumangirira. Mwalumbira nonse kuti pa kompyuta ija sipanakhale munthu wina. Tiyeni mukanene zimene mwandiuzazi, ndilembe."

"Ndasayina kale zina. Ndikasintha, ndine wonama kupolisi, ndine wokhotetsa kamera, ndinenso amene ndinapakira matayalawo ndi manja angawa. Munditsekera limodzi ndi mayiyo, si choncho?"

Sajeni anafuna kunena kuti ayi. Sakanatha kulonjeza.

"Ife ndi aganyu," anapitiriza bamboyo. "Amene amasankha olowa mawa m'mawa ndi a Kapitawo. Ndili ndi ana kusukulu." Minibasi inaima, kondakitala akumenya chitseko. Bamboyo anakwera, n'kukhala mbali imene kunalibe zenera loyang'ana kwa Sajeni.

Insipekita anali atavala kale jekete kuti azipita, koma ataona mapepala anakhalanso pansi. Anawerenga onse mofatsa, chala chikutsata mizere. Atafika pa tsamba lomaliza anamwetulira.

"Sajeni, mwagwira ntchito. M'mawa tinali ndi mayi wosasamala. Pano tili ndi munthu amene anakonza chiwembu, anasintha makina, n'kubwezera kuti pasaoneke phazi."

"Si iyeyo, bwana. Ndi Kapitawo. Ankamukhalira pampando iye akukayamwitsa."

"Akutero ndani?"

"Mwini wake."

"Mwini wake amene m'mawa anasayina kuti sanachokepo. Winanso?"

"Mng'ono wake angachitire umboni."

"Mng'ono wake. Winanso?"

"Mmodzi wa opakira katundu wandiuza pakamwa."

"Pakamwa pake, papepala ananena zina." Insipekita anasanja mapepalawo bwinobwino n'kuwalowetsa m'fayilo. "Ine sindikunena kuti mukunama. Mwina Kapitawoyo ndi njoka. Koma ndimutenge ndi chiyani? Dzina lili apa ndi limodzi. Mboni zonse zikuti mayiyo sanasunthe. Kampani yaimba kale kawiri kwa akuluakulu."

"Tiloleni tione foni ya Kapitawoyo, tifufuze kunyumba kwake."

"Kapempheni chikalata kwa majisitireti, mukamuuze kuti munthuyo anali ndi mafunso ambiri m'kalasi." Anaimirira. "Belo tikana. Katundu sanapezeke, anzake ali kunja, angasokoneze umboni. Si ine, ndi mmene mapepala anu akunenera."

"Ndikanangokhala osapita kwa Injiniya," anatero Sajeni, mawu akutuluka okha.

"Zimenezo sindinamve," anayankha Insipekita, n'kuzimitsa fani.

M'mawa mwake galimoto yonyamula akaidi inaima pabwalo la polisi, injini ikulira. Sajeni anapempha kuti mayi wa pageti akhale womaliza kukwera, ndipo anamulowetsa mu ofesi yake pamodzi ndi mng'ono wake ndi mwana. Anatseka chitseko n'kuima panja, kumvetsera dalaivala akuliza hutala. Atagogoda, anapeza mwana akuyamwabe, kadzanja katagwira kolala ya bulauzi.

"Munawauza?" anafunsa mayiyo.

"Ndinawauza."

"Ndiye ndikachoka kukhoti ndipita kunyumba?"

"Lero ayi. Akana belo. Mukhoza kupempha kuti mwana mupite naye."

"Mwana wanga sagona m'menemo." Anamuchotsa kubere pang'onopang'ono, n'kumupereka kwa mng'ono wake. Mwanayo anayamba kulira. "Dzulo m'mawa a pakauntala anati ndituluka lero. Chasintha n'chiyani?"

Sajeni anatsegula pakamwa. Anaganiza za seva ziwiri, za mzere wosawerengedwa, za minibasi imene anakwera ndi mtima wonse.

"Ndinapita kukafufuza," anatero.

Mayiyo anamuyang'ana, osakwiya, osalira. Kenako anatambasula manja yekha kuti amuveke unyolo.

Atatuluka pabwalo, Sajeni anaona munthu wonenepa ataima pafupi ndi geti la polisi, jumbo ili m'manja. Kapitawo anali atavala malaya oyera ositidwa bwino. Anapita kwa mng'ono wa mayi uja, amene sankadziwa kalikonse, n'kumupatsa moni ndi manja awiri.

"Anzake kuntchito asonkha kangachepe," anatero mokweza kuti onse amve. "Sopo, shuga, buledi. Landirani, achemwali, bweretsani kuno bwana wamng'onoyu ndikugwirireni."

Mtsikanayo anathokoza mogwada pang'ono, anamupatsira mwana, n'kulandira jumbo. Kapitawo anamuika mwanayo paphewa, akumusisita pamsana, akumuimbira chapansipansi.

Chitseko cha galimoto chinali chitatsekedwa kale. Pa kazenera ka waya panaoneka zala.

"Bwana," mawu a mayi uja anatuluka mkatimo. "Bwana, mwana wanga. Asamugwire."

Sajeni anadutsa bwalo lonse osathamanga. Anaima pamaso pa Kapitawo. M'thumba mwa Sajeni munali unyolo wina, ndipo anamva kulemera kwake pantchafu.

"Bweretsani mwanayo."

"Mosamala mutu, bwana wanga," anatero Kapitawo, akumwetulira, n'kumupereka.

Galimoto inabwerera m'mbuyo, inakhota, inatuluka. Kapitawo anaikwezera dzanja mpaka inalowa mumsewu waukulu, kenako anayang'ana wotchi yake n'kunena kuti ntchito ikumudikira. Palibe anamuletsa.

Sajeni anatsala pakati pa bwalo, mwana ali m'manja. Mwanayo analeka kulira. Anatembenuza mutu, n'kuyamba kufunafuna ndi kamwa pa malaya a yunifolomu, pakati pa mabatani ndi thumba.